Kuunika mbiri ya wochita kafukufuku wa khansa asanayambe ntchito m'boma lathu

Ochita kafukufuku wa khansa amafika kuno ku Salima m'njira zosiyanasiyana. Ena amadzuka ku Lilongwe m'mamawa n'kubwerera madzulo, poti ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100 okha pa msewu wa M14. Ena amachokera kunja, atanyamula kalata ya chidindo cha yunivesite ndi CV ya masamba ambirimbiri. Amapempha kuona mabuku a odwala, kucheza ndi amayi obwera kudzayezetsa khomo la chiberekero, kutenga magazi, mwinanso kulowa m'midzi ya kwa Khombedza, kwa Maganga kapena ku Chipoka. Chowabweretsa n'chodziwika: Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi khansa ya kummero zafala kwambiri padziko lonse, ndipo Kaposi sarcoma, khansa ija yotulutsa zikanga zakuda pakhungu, takhala tikuiona kwambiri chibwerere HIV. Kafukufuku tikumufuna, ndipo akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Komabe odwala amene mlendoyo akufuna kuwafikira ndi azakhali athu ndi ana athu, ndipo wosaina kalata yomulola ayenera kudziwa kuti akuwapereka m'manja mwa yani.

Malangizo awa ndalembera anamwino, ma clinical officer, a m'komiti yoona za kafukufuku m'boma, atolankhani a wailesi za m'madera, komanso ophunzira amene akusaka katswiri woti awayang'anire pa maphunziro a ukachenjede. Mufunika foni ya intaneti, bandulo yokwanira maola awiri, kope ndi cholembera. Pafupifupi zonse zimene nditchule pano n'zaulere.

Yambani ndi dzina lenileni

Mlendoyo akulembereni dzina lake monga limaonekera pa mapepala ake a sayansi. Nkhokwe za mapepala zimadalira dzina la bambo ndi zilembo zoyamba za maina enawo, ndiye "Banda C" atha kukhala anthu ambirimbiri a ku Malawi ndi ku Zambia, wina wa khansa, wina wa mbewu ya chimanga. Amayi ena mapepala awo oyamba ali m'dzina la kwa makolo, otsatira m'dzina la kubanja. Chothetsa chisokonezo ndi nambala ya ORCID, ya zizindikiro 16 zogawidwa zinayizinayi, imene wofufuza amakhala nayo moyo wonse ngakhale asinthe dzina kapena ntchito. Ifunseni, mukaitsegule pa orcid.org. Zambiri za patsambalo amadzaza ndi mwini wake, choncho pamenepo mwangopeza poyambira.

Tsimikizani kuti mapepalawo alipodi

Pitani pa PubMed, nkhokwe ya mapepala a kafukufuku wa zaumoyo ya National Library of Medicine (NLM) ya ku America. Dinani pamene alemba Advanced, sankhani Author n'kulemba dzina, kenaka sankhani Affiliation n'kulemba Malawi kapena dzina la yunivesite yake. Mukaonjezera liwu ngati cervical, Kaposi kapena lymphoma (khansa ya mwanabele), mndandanda umachepa n'kutsala zokhazo za khansa.

Tsopano tengani CV ija, tolanimo mapepala asanu mwachisawawa, muwasake limodzilimodzi. Pepala lenileni kawirikawiri limakhala ndi nambala ya DOI, yoyamba ndi 10 ndi kadontho. Mukailemba pa doi.org imakufikitsani patsamba la pepalalo. Onani ngati mutu, chaka ndi maina zikufanana ndi za pa CV. Pamene palembedwa "submitted" kapena "in preparation", pepalalo silinatuluke, musaliwerengere. Chidule chimene munthu anakawerenga pa msonkhano sichifanana ndi pepala lathunthu lounikidwa ndi akatswiri anzake, ngakhale CV itaziika pamzere umodzi.

Mapepala ena amafuna ndalama kuti atseguke. Musalipire. Sakani olembedwa kuti "Free PMC article", kapena funsani ngati chipatala kapena koleji yanu inalembetsa ku Hinari, ndondomeko imene bungwe la WHO linayambitsa mu 2002 kuti zipatala ndi masukulu a m'maiko osauka aziwerenga ma journal (magazini osindikiza mapepala a kafukufuku) a zaumoyo. Zikakanika, mupempheni mwini wakeyo. Wolemba weniweni amatumiza pepala lake mosanyinyirika.

Werengani mapepala atatu mpaka kumapeto

Apa ndi pamene ambiri amalumpha, koma ndi pamene pagona nkhani yonse. Sankhani pepala latsopano kwambiri, lotchulidwa kwambiri ndi anthu ena, ndi loyandikana kwambiri ndi ntchito imene akufuna kuchita kuno. Chingerezi chake n'cholimba, inde, koma mafunso anu ndi ochepa.

Ndi pepala la mtundu wanji? Pali la kafukufuku amene olembawo anachita okha, pali losonkhanitsa zimene ena anapeza kale, pali longofotokoza za wodwala mmodzi, palinso kalata yopita kwa mkonzi. Onsewa ali ndi ntchito yake, koma munthu wa makalata makumi awiri ndi mapepala a wodwala mmodzimmodzi sanayendetsepo kafukufuku wa anthu mazana. Onaninso ngati zoyesazo zinachitika pa anthu, pa mbewa, kapena pa maselo a m'mbale ya mu labotale. Mankhwala opha maselo a khansa m'mbale ndi ochuluka zedi; ochiza munthu ndi ochepa. Aliyense wokuuzani kuti chitsamba chakuti "chinatsimikizidwa ndi kafukufuku" mumufunse kuti anatsimikizira pa yani.

Kenaka tsikirani ku gawo la Methods. Anthu anali angati, a kuti, m'zaka ziti, ndipo anawatsata kwa nthawi yaitali bwanji? Khansayo anaitsimikiza poyeza kanyama mu labotale, kapena anangoona ndi maso? Ndiye fufuzani chiwerengero cha odwala amene anasowa pakati pa kafukufuku. Ife a kuno timadziwa mmene wodwala amasowera. Mayi wa ku Thavite amapita ku Kamuzu Central Hospital kukalandira mankhwala ulendo woyamba atagulitsa mbuzi, wachiwiri atakongola ku banki mkhonde, wachitatu ndalama yoyendera palibe. Nambala ya foni imene analembetsa ndi ya mlamu wake, ndipo yasiya kugwira. Pepala lonena kuti odwala ambiri anachira, pamene gawo lalikulu la iwo silikudziwika komwe lili, likubisa maliro. Wofufuza woona mtima amalemba poyera kuti anasowa angati, anawalondola bwanji kumudzi, ndipo zotsatira zikanasintha motani osowawo akanawerengedwa ngati omwalira. Ine ndikapeza ndime yotere m'pepala la munthu, chikhulupiriro changa pa iye chimakula kuposa ndikaona mendulo.

Pomaliza onani pamene dzina lake lakhala. M'mapepala a zachipatala, woyamba kawirikawiri ndi amene anagwira ntchito yaikulu ndi kulemba, womaliza ndi mkulu woyang'anira gululo, ndipo apakati anathandizapo mosiyanasiyana. Ma journal ambiri amaika kumapeto kandime kofotokoza zimene aliyense anachita. Mapepala ena akuluakulu, monga a Global Burden of Disease, amakhala ndi olemba mazana; kupezeka m'menemo si cholakwika, koma sikusonyeza kuti munthuyo angatsogolere ntchito.

Journal yake ndi yotani?

Maina ngati The Lancet Oncology, Journal of Clinical Oncology, International Journal of Cancer ndi JCO Global Oncology ndi odziwika. Malawi Medical Journal, ya kwathu konkuno, imapezeka pa PubMed ndipo si yoipeputsa. Chosamala nacho ndi ma journal achinyengo, otola ndalama kwa olemba n'kusindikiza chilichonse popanda kuunika. Maina awo amayerekeza a ma journal otchuka, ndipo pepala limalandiridwa Lolemba n'kuvomerezedwa Lachinayi. Masiku awiriwa amalembedwa patsamba loyamba la pepala, aoneni. Dzina lachilendo lisakeni pa DOAJ (mndandanda wa ma journal ounikidwa owerengedwa ulere), pa African Journals Online ndi m'kaundula wa NLM Catalog. Kulipiritsa pakokha si umboni wa chinyengo, pakuti ma journal abwino ambiri owerengedwa ulere amalipiritsanso olemba.

Manambala a kutchulidwa

Wofufuza wina akagwiritsa ntchito pepala lanu n'kulilemba pa mndandanda wa kumapeto kwa lake, mwatchulidwa kamodzi. Pa Google Scholar, pansi pa pepala lililonse pali mawu oti "Cited by" ndi nambala. Ofufuza ambiri alinso ndi tsamba lawo pamenepo, losonyeza kutchulidwa konse pamodzi ndi h-index.

H-index anaiyambitsa Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi, mu 2005, ndipo mutha kuiwerengera nokha m'kope. Ndandalikani mapepala a munthu kuyambira lotchulidwa kwambiri. Tiyerekeze kuti ali ndi khumi, otchulidwa ka 120, 45, 30, 12, 9, 7, 6, 3, 1 ndi 0. Tsikani mukuwerenga: pepala la nambala 6 latchulidwa ka 7, lakwanitsa, la nambala 7 latchulidwa ka 6, laperewera. H-index yake ndi 6, kutanthauza mapepala 6 otchulidwa kosachepera ka 6 lililonse. Taonani kuti lija la 120 likanakhala la 1,200, h-index ikanakhalabe 6.

Nambala imeneyi musaiwerenge payokha. Imakwera ndi zaka ndipo sitsika, choncho dokotala wachinyamata amene wamaliza PhD posachedwa sangapikisane ndi pulofesa wa zaka makumi atatu pantchito, ngakhale pulofesayo atasiya kale kufufuza. Pa tsamba la Google Scholar pali danga lachiwiri losonyeza zaka zisanu zapitazi. Limenelo ndilo likuuzeni ngati munthu akadali pantchito. H-index imasiyananso malinga ndi nkhokwe: Google Scholar imawerenga zambiri, ngakhale zolemba za ophunzira, ndiye nambala yake imakhala pamwamba pa ya Scopus kapena Web of Science. Poyerekeza anthu awiri, tengani manambala onse pamalo amodzi.

Chachikulu n'chakuti mitu ya kafukufuku siikoka anthu mofanana. Mapepala a GLOBOCAN, a chiwerengero cha khansa padziko lonse ochokera ku bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, amatchulidwa maulendo zikwi makumimakumi chifukwa aliyense wolemba za khansa amayamba ndi chiwerengero. Ofufuza khansa ya m'mawere ku America ndi namtindi wa anthu ndipo amatchulana tsiku ndi tsiku. Ofufuza Kaposi sarcoma kapena Burkitt lymphoma mwa ana a mu Africa ndi ochepa, moti pepala lotchulidwa ka 40 kumeneko litha kukhala mzati wa nkhani yonse. Chida chaulere cha iCite, cha NIH, bungwe la boma la America lothandiza kafukufuku wa zaumoyo, chimathandiza pamenepa: chimayerekeza pepala ndi anzake a mutu wofanana, ndipo nambala yoposa 1.0 imasonyeza kuti likutchulidwa kuposa pepala lapakatikati lothandizidwa ndi NIH.

Mbiri ya Burkitt lymphoma imatikhudza ife a m'mbali mwa nyanja. Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni ku Uganda, anasindikiza pepala lake la chotupa cha nsagwada mwa ana mu British Journal of Surgery mu 1958, ndipo poyamba silinatekese anthu ambiri. Mu 1961 anakalankhula ku London, ndipo mmodzi mwa omvera anali Anthony Epstein. Anagwirizana zoti zotupa zizitumizidwa kuchokera ku Kampala, ndipo mu 1964 Epstein, Bert Achong ndi Yvonne Barr analengeza kuti apeza m'maselo a zotupazo kachilombo kamene lero kamatchedwa Epstein-Barr virus. Maulendo a Burkitt m'zipatala za mu Africa anasonyezanso kuti nthendayi imakonda madera otsika, otentha ndi a chinyezi, komwe malungo ndi ochuluka. Wowerenga manambala okha mu 1960 akanamupitirira munthu ameneyu.

Chitsanzo china chili pafupi, ku Nkhoma. Chipatala cha kumeneko, mogwirizana ndi akatswiri a ku Scotland, chinayesa kuthandiza amayi opezeka ndi zizindikiro zotsogolera ku khansa pa khomo la chiberekero pogwiritsa ntchito kachipangizo kotentha m'malo mwa njira yoziziritsa yodalira gasi, amene amavuta kupeza ndi kunyamula. Mayi ankayezedwa ndi viniga n'kuthandizidwa tsiku lomwelo. Zotsatira zinatuluka mu International Journal of Cancer mu 2016, ndipo mu 2019 WHO inatulutsa malangizo ovomereza njira yotenthayi. Phindu la ntchito yotere limaoneka m'chipinda choyezera amayi kuposa pa Google Scholar. Ndiye dinani "Cited by" muone amene akutchula pepala la mlendo wanu. Kodi muli malangizo a WHO kapena a Unduna wa Zaumoyo? Kodi ndi magulu a m'maiko osiyanasiyana, kapena ndi mwini wake ndi anzake awiri akungotchulana okhaokha? Kudzitchula pang'ono n'kwachibadwa popeza ntchito imamangidwa pa inzake. Kukafika theka la mndandanda, pali chifukwa chofunsa. Wogula chambo ku Senga Bay satengeka ndi kukula kwa mulu, amadina nsombayo ndi chala n'kuiyang'ana m'maso.

Mapepala ochotsedwa

Pepala likapezeka ndi bodza kapena cholakwika chachikulu, journal imalichotsa, ndipo PubMed imaika chenjezo loti "Retracted" pamwamba pake. Sakaninso dzina la munthuyo m'nkhokwe ya Retraction Watch. Pa khansa nkhaniyi si yongopeka. Anil Potti wa ku Duke University ku America anasindikiza mu Nature Medicine mu 2006 njira imene ankati imalosera mankhwala oyenera wodwala aliyense. Mapepala ake anatchulidwa kwambiri ndipo odwala analowetsedwa m'kafukufuku wotsamira pa iwo. Akatswiri awiri a masamu a ku chipatala cha khansa cha MD Anderson, Keith Baggerly ndi Kevin Coombes, ndi amene anabwereza mawerengero n'kupeza kuti sakugwirizana. Mapepala angapo anachotsedwa, ndipo mu 2015 ofesi ya boma la America yoona za chilungamo pa kafukufuku inagamula kuti panali chinyengo. Mukapeza pepala lochotsedwa, werengani chifukwa chake: wodzichotsera yekha atazindikira kulakwitsa ndi wosiyana kutali ndi wogwidwa akupeka manambala.

Amayenda ndi yani?

Kwa ife gawo ili likulemera kuposa h-index. Tsegulani mapepala onse amene munthuyo analemba za Malawi kapena dziko lina la mu Africa, muwerenge maina ndi malo awo a ntchito. Kodi muli Amalawi? Ali pati, koyambirira, kumapeto, kapena aunjikidwa pakati? Kapena angothokozedwa m'kandime ka pansi kuti "ogwira ntchito pachipatala"? Pepala la odwala a ku Malawi lopanda Mmalawi ndi mmodzi yemwe pa olemba likukuuzani mmene namwino wanu adzathere: adzatola zonse, kumasulira mafunso, kulondola odwala pa kabaza, dzina lake osaoneka.

Yang'anani zaka motsatana. M'mgwirizano wabwino mumaona dzina la Mmalawi likuyamba pakati, pakapita zaka lili koyambirira, kenaka kumapeto akutsogolera gulu lake. Mumaonanso maina omwewo akubwerezabwereza, umboni woti anthu akugwirizanabe. Munthu amene chaka chilichonse ali m'dziko latsopano ndi anthu atsopano, pepala limodzi n'kuchoka, muzimufunsa zambiri.

Mabungwe okhazikika pa kafukufuku wa zaumoyo ndi odziwika: UNC Project ku Lilongwe, amene agwira ntchito yaikulu pa lymphoma ndi Kaposi sarcoma pa Kamuzu Central Hospital, Kamuzu University of Health Sciences, Malawi Liverpool Wellcome Programme ku Blantyre, ndi kaundula wa khansa wa dziko lino, Malawi National Cancer Registry. Mlendo akati akugwira ntchito ndi limodzi la amenewa, imbani foni kumeneko pa nambala imene mwaipeza nokha, osati imene wakupatsani. Kulankhula ndi Mmalawi mmodzi amene analemba naye pepala kumakuuzani zimene intaneti singakuuzeni.

Kumapeto kwa pepala kuli ndime ziwiri zazifupi, ya Funding ndi ya Conflicts of interest. Ndalama zochokera ku kampani yopanga mankhwala kapena makina oyezera si tchimo, koma muyenera kudziwa, makamaka ngati chinthu cha kampaniyo ndicho chikudzayesedwa pa anthu athu.

Makalata a chilolezo ndi tsiku lokumana

Mbiri yabwino silowa m'malo mwa chilolezo. Kafukufuku wa zaumoyo pa anthu m'Malawi amavomerezedwa ndi National Health Sciences Research Committee kapena komiti ina yovomerezeka monga ya ku Kamuzu University of Health Sciences. Onani kalata yeniyeni: nambala yake, mutu wa kafukufuku, dzina la mtsogoleri, tsiku lothera, ndiponso ngati Salima yatchulidwa pa malo ogwirirapo ntchito. Chilolezo cha yunivesite ya kunja pachokha sichikwana. Ngati akuyesa mankhwala, pafunikanso chilolezo cha Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo kafukufukuyo apezeke m'kaundula wa kafukufuku wotere, pa ClinicalTrials.gov kapena Pan African Clinical Trials Registry. Dokotala wogwira odwala ndi manja akhale wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Magazi kapena tinyama tikamatuluka m'dziko, pakhale mgwirizano wolembedwa wonena komwe tikupita ndi ntchito yake.

Fomu yopempha chilolezo kwa odwala muiwerenge m'Chichewa, ndipo kwa a m'mbali mwa nyanja olankhula Chiyao funsani ngati pali womasulira. Muiwerengere mlangizi wa zaumoyo mmodzi mokweza, muone ngati akumva. Inene momveka kuti wokana kapena wosiyira panjira adzalandirabe chithandizo monga mwa nthawi zonse.

Pokumana naye, funsani mwaulemu koma mosazungulira. "A Dokotala, taona pepala lanu la chaka chakuti, odwala amene anasowa aja munawapeza?" "Mayi akapezeka ndi khansa m'kafukufuku wanuyu, adzamutengera ku Lilongwe ndani, ndi ndalama ya yani?" "Amene matenda awo afika posachizika, mwakonza zotani ndi othandiza kuchepetsa ululu, monga a Ndi Moyo kuno ku Salima?" "Mwa anamwino athu, adzalembedwa pa pepala ndani, ndipo adzaphunzitsidwa chiyani?" Funso la wopezeka ndi khansa musalisiye lisanayankhidwe, chifukwa kuuza munthu kuti ali ndi khansa n'kumusiya pakhonde la chipatala opanda njira ndi nkhanza, ngakhale pepala lotulukapo litatchulidwa ka 1,000.

Zimene mwapeza zilembeni patsamba limodzi: ORCID, mapepala amene mwatsimikiza, atatu amene mwawerenga ndi maganizo anu, h-index ndi komwe mwaitenga ndi tsiku lake, maina a Amalawi amene wagwira nawo ntchito, ndi nambala za makalata a chilolezo. Pansi pake lembani mwezi umene wofufuzayo walonjeza kudzafotokoza zotsatira ku ofesi ya zaumoyo ndi kwa mafumu a midzi imene analowamo, m'Chichewa, asayine. Tsamba limodzi likhale m'failo ya komiti, lina apite nalo iye.